PHUNZIRO: MPWEYA UMENE TIMAPUMIRA LIMODZI

Mawu a Mulungu owerenga: Deuteronomo 22:8, Marko 1:40-45, Mateyu 25:31-40

Mawu oyamba

 Imodzi mwa ntchito zimene tinalonjeza pamene tinkalowa m'bungwe la Mothers' Union ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. N'chifukwa chake pakagwa matenda kapena maliro, ife ndi amene timayamba kufika. Timasesa, timaphika, timasambitsa wodwala, ndipo timagona pa siwa. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo sitiyenera kuisiya. Koma imatiika pafupi ndi matenda ena amene amayenda mu mpweya, monga chifuwa chachikulu cha TB, chikuku, chimfine ndi COVID-19. Phunziro lino likufuna kutithandiza kudziwa mmene matenda amenewa amafalira, kuti titumikire odwala mopanda mantha komanso mopanda kutengera matenda ku mabanja athu.

Tsiku lina tinapita kukazonda mayi wina wamasiye wa mu mpingo mwathu amene anali atatsokomola kwa miyezi itatu. Tinapeza kuti abale ake amupatulira mbale, kapu ndi supuni, ndipo kapuyo anaimanga kansalu pa chogwirira kuti ana asaisokoneze ndi zina. Palibe amene ankadya naye limodzi. Koma titalowa m'chipinda chake tinapeza kuti zenera analitseka ndi njerwa poopa akuba, chitseko chinali chotseka usana ndi usiku, ndipo adzukulu atatu ankagona naye pa mphasa imodzi. Banjalo linkachita zonsezi ndi mtima wabwino. Vuto linali lakuti linkatchinga njira imene matendawa sadzera, n'kusiya yotsegula njira imene amadzera. Mayiyo ankamva kuwawa mumtima chifukwa chosalidwa, koma ana aja sanatetezedwe ngakhale pang'ono.

1. Kodi matenda amayenda bwanji mu mpweya?

Tonse tinaonapo kuti m'mawa wa mwezi wa June, kukazizira, munthu akamayankhula m'kamwa mwake mumatuluka kankhungu. Kankhungu kameneka kamatisonyeza kuti mpweya umene timatulutsa ndi wonyowa. Nthawi iliyonse imene tikupuma, kuyankhula, kuimba, kutsokomola kapena kuyetsemula, timatulutsa timadontho ta madzi tochokera m'mapapo, kukhosi ndi m'kamwa. Ngati munthu ali ndi matenda a m'chifuwa, tizilombo toyambitsa matendawo timatuluka titakwera pa timadontho timeneti.

Timadontho tokulirapo timagwa msanga pansi, pa tebulo kapena pa zovala, pafupifupi mita imodzi kapena awiri kuchokera pamene munthuyo ali. Koma tating'ono kwambiri sitigwa. Timauma tili m'mwamba, n'kumayandama m'chipinda kwa nthawi yaitali, mwina maola angapo. Taganizani za fumbi lija timaliona likuvina pamene kuwala kwa dzuwa kwalowera pa kabowo ka denga. Timadontho timene tikunenati n'tochepa kuposa fumbi limenelo, ndipo maso sangatione. Munthu wina akapuma mpweya umenewo, timalowa mpaka mkati mwa mapapo ake.

Njira yapafupi yomvetsera zimenezi ndi kuganiza za utsi. Tikakoleza moto m'khitchini yopanda zenera, utsi umadzaza ponseponse ndipo aliyense amene ali momwemo amaupuma, ngakhale akhale pakona. Tikakoleza moto womwewo pabwalo, utsi umabalalika ndi mphepo. Mpweya wa munthu wodwala umachita chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti utsi umatichenjeza, popeza umanunkha ndiponso umawawa m'maso, pamene mpweya wokhala ndi tizilombo sununkha ndipo suoneka.

Pali zinthu zinayi zimene zimakulitsa ngozi yotenga matenda:

a) Malo otsekeka, opanda mazenera kapena amene mazenera ake ndi otseka.
b) Kuthithikana kwa anthu ambiri pa malo ochepa.
c) Kutalika kwa nthawi imene tikhala m'malo otero. Kudutsana ndi wodwala pa msewu si chimodzimodzi ndi kugona naye chipinda chimodzi usiku uliwonse.
d) Mphamvu imene mpweya ukutulukira. Kutsokomola, kufuula, kulira mokweza ndi kuimba kumatulutsa timadontho tambiri kuposa kupuma mwakachetechete.

2. Tinadziwa bwanji kuti zimenezi n'zoona?

Pa 24 March 1882, dokotala wa ku Germany dzina lake Robert Koch analengeza kuti wapeza kachilombo koyambitsa TB. N'chifukwa chake chaka chilichonse pa 24 March dziko lonse limakumbukira matenda amenewa. Koma ngakhale kachilomboko kanadziwika, anthu anapitirizabe kutsutsana za mmene kamachokera kwa munthu wina kupita kwa wina.

Yankho lomveka linapezeka ku Baltimore m'dziko la America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Dokotala wina, Richard Riley, pamodzi ndi anzake anaika mbira zambiri m'zikwere pamwamba pa chipatala. Kenaka anakonza mapaipi otenga mpweya kuchokera m'zipinda za odwala TB kupita kumene kunali mbirazo. Mbirazo sizinaonane ndi odwala, sizinadye chakudya chawo, ndipo sizinakhudze zovala zawo. Zinangopuma mpweya wochokera m'zipinda zawo basi, koma zina mwa izo zinadwala TB. Atabwereza kafukufukuyo, anaika gulu lina la mbira limene linkalandira mpweya womwewo koma utayamba wadutsa pa nyali zapadera zopha tizilombo. Gulu limeneli silinadwale. Anapezanso chinthu china chotilimbitsa mtima: odwala amene anali atayamba kumwa mankhwala oyenera sankapatsira kwenikweni mbirazo poyerekeza ndi amene anali asanayambe.

Chitsanzo china n'chokhudza ife okonda kuimba. Pa 10 March 2020, mamembala 61 a kwaya ina ya ku Skagit County, m'chigawo cha Washington ku America, anakumana kuti aphunzire nyimbo m'chipinda kwa maola awiri ndi theka. Mmodzi mwa iwo anali ndi zizindikiro ngati za chimfine. Patapita masiku ochepa, anthu oposa 50 anadwala COVID-19 ndipo awiri anamwalira. Anthuwa sanachite choipa chilichonse. Anangoimba limodzi kwa nthawi yaitali m'chipinda chimene mpweya sunkasinthasintha mokwanira.

3. Matenda amene tiyenera kuwadziwa

Chifuwa chachikulu cha TB. Malinga ndi Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse la WHO, m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 1.25 miliyoni anamwalira nayo. Bungwe lomweli likuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi analowedwapo ndi kachilombo ka TB. Mwa ambiri kachilomboka kamangogona m'thupi, ndipo munthuyo sadwala komanso sapatsira ena. Kamadzuka pamene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV, kusowa chakudya chokwanira, matenda a shuga, kusuta fodya, kumwa mowa mwauchidakwa kapena ukalamba. Munthu amene ali ndi HIV ali pa ngozi yodwala TB kuposa kakhumi poyerekeza ndi amene alibe. Koma tisaiwale kuti anthu ambiri odwala TB alibe HIV, choncho si bwino kunena za munthu zimene sitikuzidziwa.

Zizindikiro za TB ndi izi: kutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kutuluka thukuta kwambiri usiku, kutentha thupi, kuonda, kusafuna kudya, kupweteka m'chifuwa, ndipo nthawi zina makhololo a magazi. Munthu amene ali ndi HIV asadikire masabata awiri, apite kuchipatala akangoyamba kutsokomola. Mwa ana aang'ono zizindikiro sizionekera msanga. Mwana amangosiya kukwera sikelo, amafooka, sasewera, ndipo thupi limatentha kawirikawiri.

TB sifala pogwirana chanza, pogwiritsa ntchito mbale kapena kapu imodzi, pochapa zovala za wodwala, kapena pokhala pa mpando umene iye anakhalapo. Imafala popuma mpweya umene munthu wa TB ya m'mapapo kapena ya kukhosi watulutsa asanayambe mankhwala.

Chikuku. Pa matenda onse oyenda mu mpweya, chikuku ndi chimodzi mwa amene amafala msanga koposa. Kachilombo kake kamatha kukhala mu mpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwalayo atatulukamo. Mwa anthu khumi osalandira katemera amene akhala pafupi ndi wodwala, asanu ndi anayi amatha kudwala. Mwana amayamba kupatsira anzake masiku anayi totupa tisanatuluke pakhungu, pamene aliyense akuganiza kuti ndi chimfine wamba. Ambiri a ife tikukumbukira mliri wa chikuku wa m'chaka cha 2010, pamene anthu oposa 130,000 anadwala m'Malawi muno. Chikuku chimatha kupha mwana, kumuchititsa khungu kapena kumusiya wogontha.

Chimfine ndi COVID-19. Matenda awiriwa amafala mu mpweya, komanso kudzera m'manja pamene munthu wagwira mamina kapena malovu kenaka n'kugwira m'maso, m'mphuno kapena pakamwa. Anthu oyamba kupezeka ndi COVID-19 m'dziko muno analengezedwa pa 2 April 2020, ndipo tonse tikudziwa abale, ansembe ndi atsogoleri amene tinawataya m'zaka zotsatira. Mu May 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti matendawa salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilomboko sikanathe. Kwa okalamba, amayi oyembekezera, ndi odwala shuga, mtima kapena mphumu, ngakhale chimfine chimatha kusanduka chibayo.

4. Zimene Mawu a Mulungu akutiphunzitsa

Pa Deuteronomo 22:8 Mulungu analamula ana a Israeli kuti womanga nyumba yatsopano aike kampanda kuzungulira denga. Nyumba za kumeneko zinali ndi madenga afulati amene anthu ankakhalapo madzulo, ndipo munthu akanatha kugwa. Lamuloli likutanthauza kuti mwini nyumba ali ndi udindo pa moyo wa aliyense wolowa m'nyumba mwake. Sankayenera kudikira kuti wina agwe kaye. Nyumba zathu zilibe madenga otero, koma zili ndi ngozi zake. Kwa ife, zenera lotsegula ndilo kampanda kathu.

M'buku la Levitiko, mutu 13, munthu wakhate ankayenera kukhala yekha kunja kwa msasa. Koma pa Marko 1 tikuona Ambuye Yesu akumvera chifundo wakhate, natambasula dzanja lake kumukhudza ndi kumuchiritsa. Kenaka anamutuma kwa wansembe, amene m'masiku amenewo ndiye ankayeza ndi kutsimikiza ngati munthu wachira. Apa tikuphunzira zinthu ziwiri. Yesu sanamuthawe wodwala, ndiponso sananyoze dongosolo la kuyezedwa. Madokotala amatiuza kuti kachilombo ka khate ndi ka TB n'ta mtundu wofanana, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kusalidwa kumene akhate ankakumana nako ndi komwenso odwala TB amakumana nako m'midzi mwathu.

Pa Mateyu 25 Ambuye akutiuza kuti pamene tazonda wodwala, tazonda Iwo amene. Choncho funso lathu si lakuti tipite kapena tisapite. Funso ndi lakuti tipite bwanji.

5. Njira zopewera

(i) Tsegulani mazenera ndi zitseko

Iyi ndi njira yosalira ndalama, koma mphamvu yake ndi yaikulu. M'chaka cha 2007 akatswiri anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'zipatala zisanu ndi zitatu za mu mzinda wa Lima ku Peru. Anapeza kuti kungotsegula mazenera ndi zitseko kunkasintha mpweya wa m'chipinda pafupifupi ka 28 pa ola limodzi, kuposa kawiri mmene zinkachitira zipinda zokhala ndi makina odula okokera mpweya. Nyumba zakale za madenga aatali ndi mazenera aakulu ndi zimene zinachita bwino koposa. Ambiri mwa matchalitchi athu akale anamangidwa chomwecho, koma phindu lake limatayika ngati mazenerawo akhala otseka.

Mpweya umayenda bwino ngati uli ndi polowera ndi potulukira, choncho titsegule mbali ziwiri zoyang'anana. M'mawa uliwonse titsegule zipinda zogona, tikokere makatani pambali kuti dzuwa lilowe, popeza kuwala kwa dzuwa kumapha tizilombo ta TB. Timabowo ta mpweya timene amisiri amasiya pamwamba pa khoma tisatitseke ndi mapepala kapena nsanza.

Tikudziwa zifukwa zimene timatsekera: udzudzu, akuba, fumbi ndi kuzizira. Zifukwa zimenezi n'zoona. Koma udzudzu tingauthane nao pogona mu neti ndi kuika sefa pa zenera. Akuba tingawatchinge ndi zitsulo kapena mitengo yolimba yopingasa m'malo momanga njerwa pa zenera lonse. Kuzizira tingakuthane nako ndi bulangete ndi juzi. Ndipo tisagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo, ndiponso utsi wa tsiku ndi tsiku umafooketsa mapapo a amayi ndi ana.

(ii) Kutsokomola mosamala

Potsokomola kapena poyetsemula titseke pakamwa ndi mphuno ndi kansalu, tishu, kapena mkati mwa chigongono, ndipo titembenukire kumbali kumene kulibe anthu. Tikatsokomolera m'manja, tisambe ndi sopo tisanagwire mwana, chakudya kapena dzanja la mnzathu. Tisalavule paliponse. Wodwala akhale ndi kachitini kokhala ndi chotsekera kolavuliramo, ndipo makhololowo azitayidwa m'chimbudzi. Ana tiwaphunzitse zimenezi akadali aang'ono, monga mmene timawaphunzitsira kulandira chinthu ndi manja awiri.

Masiki imathandiza kwambiri ikavalidwa ndi amene akutsokomolayo, chifukwa imagwira timadontho tisanabalalike. Wosamalira wodwala nayenso avale pamene ali naye m'chipinda. Masiki itseke mphuno ndi pakamwa pomwe. Yolendewera pa chibwano siteteza munthu.

(iii) Kuyezetsa msanga ndi kumaliza mankhwala

Munthu amene amafalitsa TB kwambiri ndi amene sakudziwa kuti ali nayo. Tsiku lililonse limene wachedwa kupita kuchipatala, a m'nyumba mwake akupuma mpweya womwewo. Kawirikawiri timachedwa chifukwa timayamba tagula mankhwala a chifuwa pa golosale, kenaka timati ndi tsempho kapena kanyera, kapena kuti walodzedwa, ndipo timayendera asing'anga mpaka ndalama zitatha. Safunsa anadya phula. Ngakhale akuluakulu a m'banja ali ndi maganizo awo pa gwero la matenda, tiwapemphe mwaulemu kuti makhololo akayezedwe kaye.

Kuyeza TB ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma. Thandizo limapezekanso m'zipatala za mpingo wathu monga St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's ku Likoma. Zipatala zambiri zili ndi makina otchedwa GeneXpert amene amayeza makhololo n'kupereka zotsatira pa maola ochepa. Ngati chipatala chili kutali, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu angatiuze kumene tingapereke makhololo.

TB imachizika. Kwa anthu ambiri mankhwala ake amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Munthu akamwa mokhulupirika kwa masabata awiri kapena atatu, mphamvu yake yopatsira ena imatsika kwambiri, ndipo amayamba kupeza bwino. Apa ndi pamene pali msampha, chifukwa ena amasiya mankhwala poganiza kuti achira. Tizilombo totsala timadzukanso, ndipo timatha kusanduka TB yosamva mankhwala, imene ndi yovuta kuchiza ndiponso imapatsirana chimodzimodzi. Ena amasiya chifukwa chakuti wina wawapempherera n'kuwauza kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Ife sitiphunzitsa choncho. Luka Woyera, amene analemba Uthenga Wabwino, anali dokotala. Tipemphere ndi wodwala, kenaka timupatse madzi omwera mankhwala ake.

Munthu mmodzi akapezeka ndi TB, onse a m'nyumba mwake akayezedwe. Ana osakwana zaka zisanu ndi anthu amene ali ndi HIV amapatsidwa mankhwala oteteza kuti asadwale, ngakhale akuoneka athanzi. Ngati n'kotheka, wodwala agone m'chipinda chayekha chokhala ndi zenera pa masabata oyambirira a mankhwala. Ngati nyumba ndi ya chipinda chimodzi, ana aang'ono akagone kwa achibale kwa masiku amenewo, ndipo masana wodwala azikhala pa khonde kapena pansi pa mtengo. Azidya pamodzi ndi banja lake panja. Chakudya chabwino ndi chikondi zimathandiza kuti achire.

(iv) Katemera

Mwana akabadwa amalandira katemera wa BCG, amene amasiya kachipsera pa mkono. Katemerayu amateteza ana ku mitundu yoopsa ya TB monga ya mu ubongo, koma sakutanthauza kuti munthu sangadzadwale TB ya m'mapapo atakula. Katemera wa chikuku amaperekedwa kawiri, mwana akakwana miyezi 9 ndiponso akakwana miyezi 15. Amayi ambiri amaiwala wachiwiriyu chifukwa mwana akayamba kuyenda amasiya kupita naye ku sikelo. Agogo ndi alangizi, tiyeni tiziona mabuku a kuchipatala a adzukulu athu ndi a ana amasiye amene tikulera.

6. Pa malo amene timasonkhana

M'tchalitchi. Amene ali pa ntchito yosesa ndi kukonza maluwa atsegule mazenera onse mapemphero asanayambe, ndipo akhale otsegula mpaka anthu atatuluka. Ngati pali Misa ziwiri zotsatana, pakhale kanthawi koti mpweya usinthe. Kwaya ndi Sande Sukulu zingathe kuphunzira nyimbo pansi pa mtengo m'malo mothithikana mu vesitili. Amene ali ndi chifuwa kapena chimfine champhamvu akhale pafupi ndi khomo atavala masiki, kapena apume kunyumba Lamulungu limenelo. Tikadziwitsa Abambo Ansembe, adzamuyendera. Mwana wa totupa ndi kutentha thupi asabwere naye pakati pa ana ena.

Pa maliro. Pano ndi pamene zinthu zinayi zija zimakumana. Amayi timadzazana m'nyumba ya siwa usiku wonse, tikulira ndi kuimba, chitseko ndi mazenera zili zotseka, pamene abambo ali panja pa moto. Mwambo wogona pa maliro ndi wabwino, chifukwa umatonthoza ofedwa. Koma tingathe kutsegula mazenera, kusinthana kuti ena akhale pa khonde, ndi kupempha amayi a makanda ndi okalamba odwaladwala kuti asagone m'kati. Ngati malemuyo anamwalira atatsokomola kwa nthawi yaitali, mwambo ukatha tilangize banja mwachinsinsi kuti likayezetse.

Pa ulendo. Mu minibasi kapena basi, zenera limodzi kutsogolo ndi lina kumbuyo likhale lotsegula. Wina akadandaula za mphepo kapena tsitsi lake, timufotokozere mofatsa. Tikamapita ku misonkhano ya dayosizi kumene timagona ambiri m'kalasi imodzi, atsogoleri aonetsetse kuti mazenera sakutsekedwa onse.

Pozonda odwala. Ngati wodwala angathe kutuluka, tichezere naye pa khonde. Ngati sangathe, tipemphe chilolezo chotsegula zenera ndi chitseko, tilowe awiri kapena atatu pa nthawi imodzi, ndipo nyimbo zambiri tiimbire panja pamene iye akumva. Tisapite ndi ana aang'ono. Mayi amene ali woyembekezera kapena amene akudziwa kuti chitetezo chake n'chotsika angathe kutumikira potunga madzi, kuphika kapena kuchapa. Timupatse moni wa m'manja wodwalayo, tilandire madzi a pakhomo pake, ndipo tisanene za matenda ake kwa anthu ena popanda chilolezo chake. Ifenso tikadwala chifuwa, tisapite kukazonda wodwala kapena kukaona khanda kufikira titachira.

Mayi wamasiye uja tinamuperekeza kuchipatala sabata yomweyo, ndipo anamupeza ndi TB. Achinyamata a mu mpingo anagumula njerwa za pa zenera n'kuikapo zitsulo. Adzukulu anayezedwa, ndipo wamng'ono anapatsidwa mankhwala oteteza. Amayi awiri ankasinthana kumukumbutsa mankhwala m'mawa uliwonse mpaka miyezi isanu ndi umodzi inatha. Kansalu kaja anakamasula pa kapu. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi kwathu kuno anthu amati chifuwa chosatha chimayamba ndi chiyani? Tingayankhule nawo bwanji mwaulemu kuti wodwala akayezedwe msanga?
2. Ndi zifukwa ziti zimene zimatiletsa kutsegula mazenera kunyumba, kutchalitchi ndi pa maliro? Pa chifukwa chilichonse, tingachitepo chiyani?
3. Werenganinso Marko 1:40-45. Kodi pali anthu m'parishi mwathu amene asiya kubwera ku mapemphero chifukwa chosalidwa pa matenda?
4. Kodi mwamuna akakana kukayezetsa, mkazi wake angapeze thandizo kwa yani mu mpingo?

Zochita mwezi uno

Nthambi iliyonse isankhe amayi awiri oti aziona za mazenera a tchalitchi Lamulungu lililonse. Mayi aliyense ayendere zipinda za m'nyumba mwake ndi kuona ngati chilichonse chili ndi polowera ndi potulukira mpweya. Mlembi aitane mlangizi wa zaumoyo kapena namwino kuti adzayankhe mafunso pa msonkhano wotsatira, ndipo amayi a ana osakwana zaka ziwiri adzabwere ndi mabuku a kuchipatala. Lipoti la zimene mwachita litumizidwe kwa mtsogoleri wa amayi wa parishi.

Pemphero

Mulungu Atate wathu, Inu amene munapatsa munthu mpweya wa moyo, tikuyamikani chifukwa cha mphepo ndi dzuwa zimene mumatipatsa kwaulere. Tikupempherera onse amene akudwala chifuwa chachikulu ndi matenda ena a m'mapapo, kuti apeze thandizo msanga ndi kupirira pa mankhwala awo. Dalitsani madokotala, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi onse odikirira odwala. Mutikhululukire pamene tasala anzathu chifukwa cha mantha ndi kusadziwa. Tipatseni nzeru zosamalira nyumba zathu, ndi mtima wachifundo wonga wa Mwana wanu, kuti tifike kwa odwala ndi manja otambasula. Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.